A Limbe aperekeza gulu ku tauni

Kwathu kuno, kumunsi kwa phiri la Michesi, dzina langa la ubatizo anthu analiiwala. Akulu ndi ana omwe ankangonditcha a Limbe, ndipo ine ndinkayankha mokweza kuti ndi a kutsidya omwe amve. Ndinagwirako ntchito zaka zambiri m'sitolo ya mmwenye wina ku Limbe, yogulitsa malata, misomali ndi penti. Pobwerera kumudzi kudzatsegula kagolosale kanga kufupi ndi Migowi, ndinabwera ndi wailesi, nsapato zosongoka kutsogolo ndi pakamwa. Wailesi inapsa, nsapato zinang'ambika, koma pakamwa panakhalabe pabwinobwino.

Nkhani iliyonse ndinkaikhotetsera ku Blantyre. Wina akadandaula za fumbi, ine ndimvekere ku Blantyre timayenda pa tala. Wina akayamikira nyumba yatsopano ya aphunzitsi, ine ndimvekere mukanaona za mu Victoria Avenue. Ngakhale pamaliro, amuna tikuwotha moto usiku, ndinkapeza mpata wofotokoza mmene zovuta zimayendera m'tauni, ndi mabasi ake ndi nkhata zogula.

Mayi a kunyumba ali m'gulu la banki mkhonde, la amayi ambiri ndi abambo owerengeka. Ine ndinalowamo mochedwa, nditaona kuti ngongole yake njosavuta. Chaka chimene nandolo anagulidwa bwinoko, gulu linagwirizana kuti m'malo mosoketsa yunifomu ya zitenje tisonkhe tikaone Blantyre. Maganizowa anali a amayi apampando. Iwo anati ambirife tauni timaidziwira pa benchi ya ku Gulupu tikudikirira odwala, kapena pa windo la minibasi, ndipo si bwino munthu kukalamba ukuganiza kuti Blantyre ndi chipatala.

Mlembi wa gulu, mphunzitsi wachitsikana wa ku pulayimale, anabwera ndi nzeru ina. Anati kumeneko kuli anthu amene ntchito yawo ndi kuperekeza alendo, amawatcha magaidi. Mumagwirizana mtengo, iwo amakutengani malo ndi malo akukufotokozerani mbiri yake. Anatchula ndi ndalama yomwe. Apa ndi pamene ndinaimirira, n'kukonza kolala.

"Amayi apampando, ndi ulemu wonse. Munthu angatilipiritse bwanji kuti atiloze nyumba zimene zaima poyera pamsewu? Maso tili nawo. Nanga Blantyre yake iti imene ine sindiidziwa? Ndalama imeneyo tigulire Fanta, gaidi muli naye pompano."

Anthu anawomba m'manja, nthungululu zinamveka. Mayi a kunyumba okha anawerama n'kumatola tizitsotso pa mkeka. Amalume, amene anapitako ku migodi ya ku Joni ali mnyamata, anangokoka fodya wawo wa pamphuno n'kuyang'ana kuphiri.

Tinachita hayala minibasi, n'kunyamuka tambala woyamba. Kamba analipo wokwanira: thobwa m'zigubu, chigumu, mbatata, ndi kalongonda amene anganga anamuphika dzulo lake tsiku lathunthu. Ndinatenganso mwana wa achemwali anga, mnyamata wa mapewa aakulu, kuti galimoto ikafa panjira pakhale wokankha. Ine ndinakhala kutsogolo pambali pa adalaivala, malo a munthu wodziwa njira.

Bodza loyamba ndinalinena dzuwa lisanatuluke bwinobwino. Tikudutsa m'boma la Chiradzulu, mayi wina anafunsa kuti ku Mbombwe, kumene John Chilembwe anayambitsa mishoni yake ya PIM, ndi kuti. Ndinaloza tchalitchi choyamba chimene chinaoneka. Anthu anasuzumira mwaulemu, amalume mpaka anavula chipewa. Pachikwangwani panalembedwa dzina la mpingo wina, koma mwamwayi adalaivala anali pa liwiro.

Ku Limbe ndinawala. Ndinawaonetsa msika, siteji ya minibasi za ku Bangwe, pamene ndinkametetsa, pamene ndinkadya chipisi cha pa chiwaya mwezi ukatha, ndi khonde la sitolo imene ndinkagwirako ntchito, momwe tsopano akugulitsamo mafoni. Ndinafotokoza kusiyana kwa malata a geji 28 ndi a geji 32, ndi chifukwa chake otsika mtengowo amabooka msanga. Amayi apampando anamvetsera kwa kanthawi, kenaka anati, "A Limbe, msika ndi kwathu komwe ulipo. Tasonkha ndalama kuti tione zimene ku Migowi kulibe."

Apa ndiulule basi. Blantyre yanga inali njira imodzi: kuchoka ku Bangwe m'mawa, kulowa m'sitolo, kutuluka mdima utagwa, kubwerera ku Bangwe. Kukakhala mpira ndinkafika pa Chichiri kukachemerera Maule, n'kutembenuka. Kupitirira apo, kuyambira pa Ginnery Corner mpaka mu Blantyre mwenimwenimo, ndinkangopitako ndikatumidwa, maso ali pa envulopu ya bwana kuopa mbava. Limbe ndi Blantyre anali matauni awiri osiyana kufikira pamene anawaphatikiza mu 1956, koma m'miyendo mwangamu anali asanaphatikizidwebe. Za 1956 zimenezi nazonso ndinazimva tsiku lomwelo masana, kwa munthu wina.

Pa bwalo la zamasewera la Kamuzu ndinalankhula nthawi yaitali. Ndinaloza mbali imene tinkakhala, golo limene linkatikomera, ndi geti limene tinkathawira zinthu zikavuta. Mlembi anafunsa ngati pano ndi pamene anatsitsa mbendera ya Angerezi n'kukweza yathu pa 6 Julayi 1964. Ndinati mwina kuseli. Panali pomwepo. Titafika pa chipilala cha ufulu chimene chatang'adza msewu wa Masauko Chipembere, anafunsa kuti chinamangidwa liti.

"Kalekale."

"Anamanga ndani?"

"Azungu."

"Azungu anamanga chipilala chokondwerera kuti achoka?"

Ndinayamba kuuza adalaivala kuti asamale ndi njinga zamoto. Komabe mayankho awiriwa, kalekale ndi azungu, ndi amene anandiyendetsa m'mawa wonse. Nyumba iliyonse yaitali inali banki. Iliyonse ya mpanda inali ya nduna.

Mlembi anali atalemba pa pepala malo amene anamva kuti alendo amapitako, ndipo pamwamba panali Mandala House. Ndinauza adalaivala kuti akhote kumanzere. Iwo njira yawo ndi ya Limbe ndi Phalombe basi, choncho anakhota. Tinazungulira, tinazunguliranso, mpaka mlonda wa pa geti lina anayamba kutibayibitsa tikamadutsa. Nthawi imeneyi thobwa lija linali litayamba kugwira ntchito yake. Kumbuyo kunamveka manong'onong'o, kenaka mayi a kunyumba anandikodola.

"Bambo a ana, anthu akufuna kukadzithandiza."

Kumudzi nkhani imeneyi sivuta. M'tauni ndinali ndisanaganizepo kuti gulu la amayi, ena a msinkhu wa amayi anga, lingalowere kuti. Tinakapempha pa malo ena omwetsera mafuta, ndipo msungichuma analipira, n'kulemba ndalamayo m'kope la gulu, dzina langa lili pambali pake.

Ku mishoni ya HHI tinafika chifukwa cha foni ya mlembi, ngakhale ine ndinkalozabe ndi dzanja ngati ndikutsogolera. Titatsika, anthu anangoti kukamwa yasa. Tchalitchi cha njerwa zofiira, cha nsanja ndi madenga ozungulira oyera, chinaima patsogolo pathu. Ndinaona kuti mwayi wobweza ulemu wanga ndi umenewu. Ndinawerenga dzina pachikwangwani mwakabisira, ndinakwera pa sitepe, n'kutsokomola.

"Ichi ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels. Anachimanga David Livingstone ndi manja ake, atangotsika m'ngalawa."

Chapafupi panali mtsikana wina wa chipewa ndi kachikwama kumsana, akutsanzikana ndi alendo ake, azungu awiri ndi banja lina lolankhula Chinyanja cha ku Lusaka. Anandimva. Atawakweza galimoto anabwera, anapinda mawondo kupereka moni kwa anganga ndi amalume, anafunsa kumene tachokera, kenaka anatembenukira kwa ine.

"Bambo, ambiri amaganiza choncho, poti Blantyre ndi dzina la kwawo kwa Livingstone ku Scotland. Koma iyeyo anamwalira mu 1873 kwa Chitambo, m'dziko la Zambia lero, mishoni ino isanayambe. Inayamba mu 1876, pa malo amene Henry Henderson anasankha m'dera la mfumu Kapeni. Tchalitchichi anayamba kuchimanga mu 1888, n'kuchitsegula mu 1891."

Akanandiseka, bwenzi nditakalipa kuti ana a masiku ano alibe mwambo, ndipo gulu likanakhala mbali yanga. Ulemu wakewo ndi umene unanditsekera pothawira. Ndinatsika pa sitepe paja ngati tambala wa pakhomo amene amutengera kumsika, miyendo atamanga.

"Mwanawe, ntchito yako ndi imeneyi?" anafunsa amayi apampando. "Masanawa uli ndi anthu?"

Analibe. Msungichuma anamasula mfundo ya chitenje, ndipo ndalama ya Fanta inabwerera kumene mlembi anaifuna poyamba.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti mtsikanayo sanathamangire kulandira ndalamayo. Anayamba wanena zimene tikugula. Anatchula maola amene tikhale naye ndi malo amene tifikeko, motsatana kwake, kuti minibasi isamabwerere m'mbuyo kuwononga mafuta. Anati kumalo osungirako zinthu zakale kuli ndalama yolowera, imeneyo ndi ya pageti osati yake, choncho tiisunge padera. Anati pakhala kuyenda pansi, n'kufunsa ngati pali wa miyendo, wa shuga kapena wa BP. Anatchula kumene kuli zimbudzi ndi pamene tidzadyere, ndipo amayi onse anandiyang'ana nthawi imodzi. Anatichenjeza kuti tisanajambule munthu kapena m'kati mwa nyumba tiyambe tapempha. Kenaka anatiwerenga mmodzimmodzi, anapereka nambala yake kwa mlembi, n'kunena kuti wosochera aime pomwe alipo, asayambe kutifunafuna. Pokwera paliponse ankatiwerenganso. Ine m'mawa wonse sindinawerengeko munthu. Tikanasiya anganga ku Limbe, ndikanadziwira ku Migowi.

Pa tchalitchi paja tinakhalitsa, ndipo sindikudandaula. Gaidi anati anachikonza ndi mbusa David Clement Scott, munthu amene sanaphunzire za zomangamanga, ndipo panalibe pulani yojambula pa pepala. Gawo lovuta ankayamba aliyesa ndi njerwa zouma, zopanda matope, aone ngati liima. Njerwazo ankaumba ndi kuwotcha pomwepo, ndipo akuti zilipo za mitundu 81. Anatibweza m'mbuyo pang'ono n'kutiuza kuti tiyang'ane nsanja ziwiri zakumaso, tinene chimene tikuona. Anayamba kuona ndi anganga, a maso ofooka aja: nsanjazo sizofanana.

M'gulu mwathu muli bambo wina womanga nyumba, munthu wosalankhulalankhula, amene pamisonkhano amangoponya masheya ake n'kukhala chete. Tsiku limenelo anasanduka wina. Anasisita khoma, anagwada kuyang'ana njerwa zokhota za m'mbali mwa khomo, anayeza ndi chikhatho. "Zikombole 81!" ankangobwereza. "Ine ndili nacho chimodzi, nachonso chobwereka." Anafunsa mafunso a mmisiri, a mmene njerwa imagonera pa inzake kuti khomo lozungulira lisagwe, ndipo gaidi anamusiya kuti afotokozere gulu yekha. Ndinaona kuti mbali ina ya ntchitoyi ndi kudziwa nthawi yotseka pakamwa, luso limene ku Limbe sindinaliphunzire.

Kenaka anganga anafunsa funso lawo. "Nanga oponda dothi ndi osenza njerwazo anali ndani? Mbusayo yekha?"

"Anali anthu akuda a konkuno, anganga, amene anali asanamangepo nyumba yotere. Mayina awo ndilibe, ndisakunamizeni."

Ndinadikira kuti gulu ling'ung'udze, poti talipira. Palibe anang'ung'udza. Amayi apampando anangogwedeza mutu, ndipo kuyambira pamenepo chilichonse chimene mtsikanayo ananena anachikhulupirira kwambiri. Ine ndinali nditatuluka thukuta m'mawa wonse kuthawa kuyankha motero. Anawonjeza mayina amene anali nawo: Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha, amene mu 1911 anadzozedwa kukhala abusa oyamba achikuda a mishoni imeneyi. Anatinso Scott yemweyo analemba dikishonale ya Chimang'anja imene inatuluka mu 1892. Amayi apampando ndi a Mvano, ndipo atalowa m'kati anakhala pa benchi nthawi yaitali osalankhula. Sinodi yawo yonse inayambira pamalo amenewa.

Mandala House inapezeka kuti m'mawa muja tinaidutsa chapafupi. Ndi nyumba yosanja ya khonde lozungulira, yomangidwa mu 1882, yakale kuposa zonse zimene zidakaimabe mu Blantyre. Munkakhala mabwana a kampani ya African Lakes, imene inayambika ku Glasgow mu 1878 n'kuyendetsedwa kuno ndi abale awiri, John ndi Frederick Moir. Cholinga chimene ankalengeza chinali kubweretsa malonda a nsalu ndi katundu wina kuti malonda a anthu athe, ngakhale phindu nalonso sankalikana. Masitolo a Mandala anadzafalikira dziko lonse, ndipo anganga anakumbukira nsalu imene anagulako ali mtsikana, mtundu wake ndi maluwa ake omwe. Pamwamba pali laibulale ya bungwe la Society of Malawi, ya mabuku ndi zithunzi zakale. Ine munthu wa kuseli kwa kauntala, amene moyo wanga wonse wa m'tauni unathera m'sitolo, ndinali ndisanamvepo kumene masitolo a dziko lino anayambira. Kamba wathu tinadyera pamthunzi umene gaidi anatipezera, ndipo kalongonda wa anganga anadya nawo, n'kupempha wina.

Pa Wenela sipanali pa mndandanda. Anafunsa ndi amalume. "Mwanangu, pa Wenela sitidutsa?" Mtsikanayo anati alendo ake sawatengerako kawirikawiri poti lero ndi depoti chabe ya mabasi, koma ngati agogo akufuna, tipita. Titafika, pakati pa oitanira ndi ogulitsa madzi, amalume analankhula mawu ochuluka kuposa amene ndinawamva akulankhula chaka chonse. Anafotokoza mmene ankawavulira kuti adokotala awayeze, mmene ankawakwezera pa sikelo, mmene ankadindira chala pa kontirakiti. Kuchoka apo ndege pa Chileka mpaka ku Francistown m'dziko la Botswana, kenaka sitima ya pamtunda mpaka ku Johannesburg. Anakumbutsa za ngozi ya mu 1974, pamene ndege yobweza anthu a ku migodi inagwa itangonyamuka ku Francistown n'kupha anthu oposa 70, ndipo Kamuzu analetsa kulemba anthu ntchito imeneyo. Amalume anali atabwerako kale.

Gaidi anatulutsa kope n'kuyamba kulemba. "Agogo, ndingamauzeko alendo anga zimenezi?"

"Uziwauza. Uziwauzanso kuti sitinkabwera ndi masutikesi okha, ena ankabwera ndi chifuwa."

Amalume amenewa ndakhala nawo mudzi umodzi chibwerereni, ndikuwauza za Blantyre.

Ndisakokomeze, ulendo wa gaidi uli ndi zovuta zake. Munthuyo amayenda ndi wotchi, ndipo pamene mtima wako wakonda iye amati tiyeni. Mapazi a anganga anatupa. Zaka ndi mayina zimabwera zambiri nthawi imodzi, moti pofika madzulo mayi wina ankalimbikira kuti tchalitchi chija anamanga a Moir. Komanso Blantyre imene amakuonetsani mukapanda kunena kanthu ndi ya amishoni ndi makampani. Ku Ndirande, ku Mbayani, ku Bangwe kwanga kuja, kumene anthu a mumzindawu amagona ndi kudzuka, simufikako pokhapokha mutapempha, monga anachitira amalume. Mtsikanayo sanabise. Anati alendo ambiri akunja amafuna nyumba zakale, ndiye njira yake anaikonza potengera iwowo, koma gulu likanena msanga chimene likufuna amaisintha.

Malo amodzi okha sanafunike kufotokoza. Tikubwerera cha ku Chichiri analoza phiri la Soche, n'kutchula Chilobwe, kumene matope ndi miyala zinakwirira nyumba pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Anayamba kulongosola mmene madzi amatsikira ndi miyala, kenaka anaona nkhope zathu n'kusiya. Anthu a ku Phalombe zimenezi sauzidwa. Freddy yemweyo anasesa midzi kwa Nkhulambe, ndipo akuluakulu onse m'minibasimo ankakumbukira Napolo wa mu Malichi 1991, amene anatsika m'Michesi n'kutenga anthu mazanamazana. Tinayenda kamtunda ndithu popanda wolankhula.

Tinamalizira ku Chichiri, kumalo osungirako zinthu zakale, nyumba imene inatsegulidwa mu 1966. Ili kufupi ndi bwalo la mpira lija. Mutu wa sitima ndi zigalimoto zakale zimene zili panja ndinkaziona ndikamapita kukachemerera Maule, ndipo ndinkayesa kuti ndi pamene boma limatayira galimoto zakufa. Gaidi anati njanji inafika mu Blantyre mu 1908. M'kati anationetsa ndalama zakale, zida za makolo, ndi mwala umene unagwa kuchokera kumwamba m'boma la Machinga mu Januwale 1981, wolemera makilogalamu oposa 90. Pamwalapo panabuka mtsutso. Ena ankati ndi wa mphenzi, ena ankati munthu anachita kuutumiza, ndipo mlembi ankayesetsa kuphunzitsa sayansi popanda womumvera. Wina anandifunsa maganizo anga, mwina mwachipongwe. Ndinati ndikuwerenga kaye chikwangwani.

Tili pa zinthu za nthawi ya ukapolo, mtsikanayo anatembenuka n'kunena mosangalala, "Koma inu a ku Phalombe mbiri imeneyi muli nayo pakhomo. Ku Fort Lister msewu uli bwanji masiku ano? Ndimafuna ndizitumizako alendo."

Anayang'ana ine, mwina pofuna kundibwezera kaulemu pang'ono. Munthu wanzeru akanaphunzirapo kanthu pa tsiku lonse lija.

"Sukulu imeneyo ndimaidziwa bwino," ndinatero. "Ndi yakalekale."

Amene anayankha ndi mwana wa achemwali anga, wokankha galimoto uja, amene chichokereni kumudzi anali asanatsegule pakamwa. Anati si sukulu, ankolo. Ndi pampata wa pakati pa Michesi ndi phiri la Mulanje, pamene pankadutsa magulu a akapolo kupita ku gombe la Quelimane. Boma la Harry Johnston linamangapo linga mu 1893 kuti litseke njirayo, monga linachitiranso ndi Fort Anderson mbali ina ya phirilo. Zipupa zina zidakalipo, ndi manda, ena mwa iwo ndi a Gilbert Stevenson, msuweni wa mlembi wa mabuku Robert Louis Stevenson. Kuchokera pamenepo pali njira yokwera mpaka ku kanyumba kogona alendo ka Sombani, pansi pa nsonga ya Namasile. Anatchula tinyumba tina, Chinzama, Thuchila, Chisepo, kumene anthu amagona pofuna kukafika pa Sapitwa, pamtunda wa mamita 3,002. Ananena miyezi imene njira imaterera, mmene chifunga chimatsekera munthu masana, ndi mmene mikungudza yathera ndi macheka. Za msewu anayankhanso, malo ndi malo.

Mnyamata ameneyu amasenza zikwama za alendo okwera phiri, ndipo nthawi zina amawatsogolera. Ine ntchito yakeyo ndinkaitcha ganyu, ndipo kangapo konse ndinawauza achemwali kuti amutumize ku Limbe akaphunzire ntchito yeniyeni. Iye ndi gaidi uja anapatsana manambala ine ndikuyang'ana. Phiri limene amakwerali bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi mu Julayi 2025, ndipo ine ndimaliona tsiku lililonse ndikamatsegula golosale, kuti ndidziwe ngati kugwe mvula.

Pobwerera tinaima ku Limbe, ndipo ndisadzinyoze kopitirira. Amayi atatu ankafuna malata ndi misomali. Ndinawalowetsa m'masitolo oyenera, ndinagogoda malata ndi chala, ndinakana amene ankafuna kutipusitsa nawo, ndinanenerera mpaka mtengo unatsika. Pa misomali palibe anandiposa, ndipo gaidi akanakhalapo akanalemba m'kope lake. Anali atatsikira pa Chichiri.

M'minibasi ndinakhala kumbuyo, pakati pa zigubu. Malo akutsogolo anapatsa anganga chifukwa cha mapazi. Tisanafike n'komwe ku Chiradzulu, mwana wina wa mayi wa m'gulu anafunsa kuti mlatho tikuwolokawo unamangidwa liti, ndipo galimoto yonse inayankha pamodzi kuti kalekale. Mpaka lero ana akabwera kudzagula machesi amati, "A Kalekale, odi." Mayi a kunyumba sananene kanthu usiku umenewo. Anangondiikira madzi osamba, n'kufunsa ngati Livingstone anamanganso bafa lathu.

Ndalama ya chimbudzi ija ndinabweza pa msonkhano wotsatira, ndi chiwongoladzanja chake, poti malamulo a gulu sasankha. Pa msonkhano womwewo anagwirizana kuti mvula ikatha, njira zikauma, tipite ku Fort Lister, ndipo a mphamvu apitirire mpaka ku Sombani. Ine sindinafikekobe, ndipo ndayamba kale kudandaula bondo. Wotsogolera ndi mwana wa achemwali anga. Anatchula mtengo wake pamaso pa gulu, ananena maola, nsapato zoyenera ndi madzi oti aliyense anyamule, ndipo nditamutengera pambali kuti ankolo ake andichotsereko pang'ono, anakana. Gawo langa ndalipira lonse, msungichuma walemba.